Ulusi wa Pamsana pa Sakina

1. Chipinda cha zida

M'chaka cha 1952 Elube anali mtsikana wongotha kumene msinkhu. Ankaphunzira ntchito pa chipatala china cha mishoni m'dera la a Nsamala, kumadzulo kwa Shire. Kwawo kunali kwa Mposa.

Atsikana ophunzira ntchito analipo angapo. Ena ankasesa m'mawodi, ena ankachapa mabandeji. Elube anamuika m'chipinda cha zida chifukwa manja ake anali odekha ndipo sankaopa magazi.

Womuphunzitsa anali Che Sidik, bambo wachisilamu wa ndevu zoyera, amene anaphunzira kutsuka mabala ali msilikali ku Burma.

Sabata imeneyo kunali kubwera dokotala wochokera ku Zomba kudzachita opaleshoni ya msana. Che Sidik anayala zida zonse patebulo kuti Elube azidziwe.

"Uwu ndi mpeni wocheka khungu," anatero. "Zokhotazi n'zokokera mnofu pambali kuti adokotala aone fupa. Ichi n'chodulira nthiti. Izi n'zopanira mitsempha kuti magazi asatuluke. Zonsezi uziwiritse papulaimasi, mbaula ya palafini iyi, mpaka ine nditanena kuti zakwana."

Kenako anatulutsa ulusi wa mitundu iwiri. Wina unali wakuda, wokulunga pa kachitsulo. Wina unali wofiirira, wosungidwa m'timabotolo ta sipiriti.

"Wakudawu ndi silika, wosokera khungu. Bala likapola timauchotsa. Wofiirirawu amapanga ndi matumbo a nkhosa. Amasokera mnofu wa m'kati, ndipo umasungunuka wokha."

Elube anati wamva. Koma Che Sidik anali asanathe.

"Khala pansi, mwanangu, ndikuuze china. Anthu obwera kuno amabwera ndi mantha. Mzungu sangamufunse. Ine amandichitira manyazi. Amafunsa inu atsikana, chifukwa ndinu ana awo. Chimene uwauze iwe amachitenga ngati chatuluka pakamwa pa adokotala. Kunkhondo ndinaona msilikali atamasula bandeji yake n'kuthawira m'tchire, chifukwa mnzake anamunamiza mongoseka kuti m'mawa amudula mwendo. Tinakamupeza atauma. Wonamayo anali munthu wabwinobwino, wokonda nthabwala basi. Tsono iwe, ngati chinthu sukuchidziwa, uzinena kuti sindikudziwa. Ngati ukuchidziwa, uzinena zoona, ngakhale wofunsayo akhale munthu amene anakulakwira. Wagona pabedi paja alibe mlandu ndi iwe."

"Ndamva, bambo," anayankha Elube.

2. Wodwala wa kwa Kawinga

Wodwalayo anafika pa machila. Anali Sakina, mwana wa Che Hassani, mwini sitolo ya nsalu wa kwa Kawinga. Chifuwa chachikulu chinali chitamulowa m'mafupa a msana. Pakati pa mapewa panali patatuluka linunda, ndipo miyendo inali itayamba kufooka, ngakhale ankathabe kugwedeza zala za kumapazi.

Elube anawazindikira asanatsitse n'komwe machila.

Hilary, mlongo wa Elube, anali telala pakhonde la sitolo ya Che Hassani. Iye ndi Sakina anakondana, ndipo abale a Hilary anapita kukafunsira mbeta. Elube anali wamng'ono nthawiyo, anangotsatira amayi ake pambuyo. Che Hassani sanawayalire ngakhale mphasa. Analankhula ali chiimire, anthu a pamsika akumva.

"Mwana wanga sangakalowe m'nyumba ya anthu odya nkhumba. Chotsani makina anu pakhonde panga."

Hilary anagulitsa makinawo n'kupita ku Halale, ndipo sanabwerenso. Amayi awo anamwalira akufunsabe ngati mwana wawo wafika.

Che Hassani sanamuzindikire Elube. Koma Sakina atamuona mu wodi, nkhope yake inawala.

"Si iwe Elube, mlongo wa Hilary? Unkabweretsa chinangwa chophika pakhonde paja. Wakula. Bwenzi pano uli mlamu wanga. Kodi mumamva za iye?"

"Gonani chafufumimba," anatero Elube. "Asisitere akubwera kudzaona msana."

"Ndili ndi mantha, Elube. Udzakhalapo pondichekapo?"

"Ndi ntchito yanga."

"Ndiye mtima wanga wakhala pansi."

Elube anakonza bulangete n'kutuluka.

3. Opaleshoni

Opaleshoni inachitika Lachitatu m'mawa. Elube anaima pafupi ndi tebulo la zida atavala chovala choyera, duku loyera, ndi kansalu kotseka mphuno ndi pakamwa. Pankhope pankaoneka maso okha.

Sakina atagona ndi mankhwala, dokotala anacheka m'mbali mwa linunda lija. Che Sidik anakoka mnofu ndi zitsulo zokhota. Dokotala anadula kachidutswa ka nthiti, ndipo mafinya amene ankapanikiza mtsempha waukulu wa m'msana anatuluka n'kudzaza kabeseni.

Elube ankapereka chilichonse chisanapemphedwe kawiri. Analowetsa ulusi wofiirira m'singano yokhota, dokotala n'kusoka mnofu wa m'kati. Analowetsa wakuda, dokotala n'kusoka khungu.

Atatha anamugoneka Sakina m'chikhakha chachitali choumbidwa ngati bwato, kuyambira kukhosi mpaka m'mawondo.

Dokotala anaitana Che Hassani, ndipo asisitere oyang'anira chipatalacho anamasulira mawu ake.

"Mwana wanu adzayenda, koma agone m'chikhakhamu miyezi yambiri. Mafupa ake ndi ofewa ngati chinangwa chovunda. Msana ukapindika, mtsempha uduka, ndipo palibe munthu angaulumikizenso."

M'mawa mwake Sakina anakwanitsa kupinda phazi lonse. Dokotala anamwetulira, n'kukwera galimoto yake kubwerera ku Zomba.

4. Funso la Che Hassani

Lachisanu Che Sidik anapita kumzikiti monga mwa nthawi zonse.

Asisitere anatsuka bala la Sakina mothandizidwa ndi Elube ndi mtsikana wina dzina lake Modester. Modester anali mwana wamasiye wa ku Ulongwe, wofatsa, ndipo ndiye ankamusambitsa ndi kumudyetsa Sakina tsiku ndi tsiku.

Atamaliza, Elube anatenga beseni la thonje lakuda kuti akawotche kuseri. Kansalu ka pakamwa kaja anali asanavule.

Kuseri kwa wodi anapeza Che Hassani atatsamira khoma. Bamboyo anaimirira n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Pepani, mwanangu, ndifunseko. Azimayi ena kukhitchini kuja akuti ulusi wa azungu ndi wa matumbo a nyama. Ndimati ndifunse Che Sidik koma sindinawapeze. Kodi n'zoona?"

"N'zoona," anatero Elube.

"Nyama yanji?"

Elube anamuyang'ana bamboyo. Anali atavala mkanjo woyera ngati tsiku lija la pakhonde. Yankho ankalidziwa bwino lomwe.

"Nkhumba," anatero.

Che Hassani anagwira khoma.

"Wakuda wa pakhunguwo ndi ubweya wake, amachita kupota," anapitiriza Elube motsitsa mawu. "Wa m'katiwo ndi matumbo. Umasungunuka pang'onopang'ono n'kusanduka mnofu wa mwana wanuyo. Ikatha sabata ino, palibe angauchotse."

"Che Sidik akudziwa zimenezi?"

"Amadyera kwa azungu. Anganene bwanji? Ine ndangokumverani chisoni. Musanditchule, angandichotse ntchito."

Bamboyo anakhala pansi pafumbi.

"Ndiye mwana wanga adzaswali bwanji? Akamwalira adzaima bwanji pamaso pa Mulungu ndi haramu m'thupi mwake?"

Elube anapita kudzenje la zinyalala, n'kuthira palafini pathonje lija, n'kuyatsa.

Masana asisitere atapita kukadya kunyumba yawo, Elube anaona Che Hassani akubwera ndi adzukulu ake awiri, anyamata aja ananyamula machila. Wantchito amene anatsala mu wodi anali Modester yekha.

Elube analowa n'kumukodola.

"Asisitere akuti ukanule nsalu zonse kuchingwe, ukazisite."

Modester anapita osafunsa chilichonse.

Elube anaima pakhomo pa chipinda cha zida. Anaona anyamatawo akumutulutsa Sakina m'chikhakha, wina kumapewa, wina kumiyendo. Machila anali nsalu chabe yomangirira kumtengo, ndipo atamuikamo thupi lake linapindika pakati.

"Ababa, iyayi," analira Sakina. "Adokotala anati ndisapindike. Ababa, si zoona zimenezo. Dikirani Che Sidik."

"Khala chete, mwanangu. Ndikukupulumutsa."

Odwala ena anangoyang'ana. Elube anatseka chitseko, n'kupopa pulaimasi mpaka phokoso lake linaposa kulira kuja.

5. Pansi pa mlambe

Che Sidik atabwera anapeza chikhakha chili chokha. Sanakalipire munthu. Anauza Jasten, dalaivala wa lole ya mishoni, kuti alize injini. Anazula chitseko cha sitolo ya mankhwala n'kuchikweza m'lole.

"Elube, tenga chitini cha zida zowiritsa. Tiye."

Anawapeza pamsewu wa ku Liwonde, atapatuka pang'ono pansi pa mlambe, pafupi ndi khwawa louma.

Sakina anali chafufumimba pansalu ya machila. Mnyamata mmodzi anamugwira manja, wina miyendo. Che Hassani anali atagwada pambali pake ndi lumo lometera ndevu. Ulusi wakuda anali ataudula wonse n'kuuika patsamba. Bala linali yasa. Bamboyo anali atalowetsamo zala, akufunafuna ulusi wa m'kati. Mkanjo wake unali wofiira mpaka m'zigongono. Ntchentche zinali zitafika kale.

Sakina anali atasiya kulira.

Che Sidik anamugwira Che Hassani dzanja n'kulanda lumo lija.

"Mukuchita chiyani, Che Hassani?"

"Ndikuchotsa nkhumba yanu."

"Nkhumba iti?"

"Imene mwasokera mwana wanga. Inu Msilamu mnzanga, munaima pomwepo n'kumaonerera."

Che Sidik anatola ulusi wakuda uja patsamba n'kuuika pafupi ndi maso a bamboyo.

"Uwu ndi silika. Inu mumagulitsa nsalu, simuudziwa silika? Wa m'katiwo ndi wa nkhosa, nkhosa yomwe ija timazinga pa Idi. Ine ndimaswali ngati inu, ndimamanga Ramadani ngati inu. Mukuganiza kuti ndikanagwira chinthu chotero ndi manja anga osakuuzani? Ndipo ngakhale ukanakhala wa nkhumba, Shehe aliyense akanakuuzani kuti pofuna kupulumutsa moyo palibe tchimo. Munalephera kudikira kuti ndituluke mumzikiti? Mwamva mawu a munthu mmodzi kuseri kwa nyumba, osafunsa wachiwiri, n'kutenga lumo. Mwanayu dzulo amagwedeza phazi."

Che Hassani anayang'ana manja ake.

"Anandiuza ndi namwino," anatero ndi mawu osamveka bwino. "Namwino wa chipatala chanu."

Elube anali atagwada ndi chitini cha zida. Nkhope yake inali pamtunda, kansalu kaja anali atakasiya kuchipatala. Che Sidik akati "chopanira", ankapereka. Akati "thonje", ankapereka.

Magazi ataleka, Che Sidik anatenga singano n'kumubaya Sakina pang'ono kuphazi.

"Sakina, ukumva?"

Mtsikanayo anatsegula maso.

"Ndimve chiyani?"

Anamubaya kukatumba, kenako pamwamba pa bondo.

"Ukumva?"

"Mwayamba kale?" anafunsa Sakina.

Che Sidik anaika singanoyo m'chitini. Anamugoneka Sakina pachitseko chija, n'kumumangirira ndi nsalu, n'kumukweza m'lole. Ulendo wonse wobwerera Che Hassani anali atagwira phazi la mwana wake, akulisisita.

6. Mzere wa pakhonde

Asisitere anatsuka balalo ndi madzi amchere. Munali mchenga ndi tizidutswa ta masamba. Sanathe kulisokanso lonse, chifukwa bala lolowa fumbi likatsekedwa limawola. Anangolidzaza ndi nsalu zowiritsa. Sakina anatentha thupi, ndipo sankazindikira munthu.

Uthenga wochokera ku Zomba unati mtsempha ukakhala kuti waduka, miyendo yapita.

Loweruka m'mawa asisitere anaimika atsikana onse pamzere pakhonde. Che Hassani anabwera atavala mkanjo womwe uja, magazi atauma.

"Lozani amene anakuuzani," anatero asisitere.

"Nkhope sindinaione. Anali atatseka pakamwa."

Asisitere analamula kuti onse avale tinsalu tawo. Atsikanawo anavala. Pamzerepo panatsala maso okhaokha.

Che Hassani anayenda pang'onopang'ono. Anafika pa Elube n'kuima. Elube anayang'ana pansi. Bamboyo anapitirira. Atafika pa Modester, amene ankamuona tsiku lililonse pabedi pa mwana wake atavala kansalu komweko, anatukula chala.

"Ndi uyu."

Modester anavula kansalu kaja.

"Ine? Iyayi, bambo. Ine sindinalankhule nanu za ulusi. Sindidziwa n'komwe kuti amapangira chiyani."

"Unali kuti pamene ankamutulutsa wodwala?" anafunsa asisitere.

"Ndinali kuchingwe. Elube anandiuza kuti mwati ndikanule nsalu."

"Ine sindinatume munthu. Elube, unamuuza zimenezo?"

Maso onse anatembenukira kwa Elube.

"Iyayi, asisitere," anatero. "Ine ndinali kuwiritsa zida."

Modester anamuyang'ana kukamwa kuli yasa. Kenako anagwada pamaso pa asisitere.

"Ndikachoka pano ndilibe kopita. Azing'ono anga amadya chifukwa cha ntchito ino. Ndimenyeni, koma musandichotse."

"Wapundula munthu," anatero asisitere. "Vula yunifolomu. Pofika masana ndisakuonenso pa mishoni pano."

Che Sidik anapempha kuti alankhule. Sanayang'ane Modester yekha. Anayang'ana mzere wonse.

"Ana inu, ine sindinalipo, ndiye sindingaweruze. Koma ndinene ichi. Amene ananena bodza lija ankaganiza kuti akulanga bambo. Bamboyo ndi uyu, waima ndi miyendo yake iwiri. Amene sadzayendanso ndi mtsikana amene sanatukwanepo munthu pachipatala pano. Adzafuna womunyamula popita kuchimbudzi mpaka tsiku la imfa yake. Ngati wolakwa ndi Modester, walandira zake. Ngati si iye, ndiye kuti pamzere pano pali munthu amene wavulaza anthu awiri m'masiku awiri. Munthu wotere ndimamumvera chisoni kuposa Sakina, chifukwa azidya nafe, aziseka nafe, azipita kutchalitchi, koma adzakhala akudziwa. Pakamwa ndi pake. Nthawi yonena ikadalipo."

Anadikira. Palibe anatuluka pamzere.

Modester anatuluka pachipata atasenza kamtolo ka zovala. Azimayi odikirira odwala anamukuwiza. Mmodzi wa adzukulu a Che Hassani anamulavulira kumapazi, wina anamugenda ndi chibuma chimene chinamupeza paphewa. Sanatembenuke. Anatsata njira ya ku Ulongwe dzuwa lili paliwombo.

Elube anaonera pazenera la chipinda cha zida, akupukuta singano.

7. Ntchito yatsopano

Ntchito ya Modester anaipereka kwa Elube. Tsopano ndiye ankamusambitsa Sakina, kumutembenuza kuti asachite zilonda, ndi kuchotsa nsalu zimene ankadziipitsira osadziwa.

Patapita masiku angapo kutentha thupi kunatsika. M'mawa wina Elube anabwera ndi beseni la madzi ofunda, lumo lodulira bandeji ndi chopanira. Sakina anali chafufumimba, nkhope itayang'ana kukhoma. Elube anayamba kumasula bandeji.

"Modester ali kuti?" anafunsa Sakina.

Elube anadzidzimuka. Sankadziwa kuti wodwalayo watsitsimuka.

"Anapita kwawo."

"Amayi a bedi ilo andiuza kuti anamuchotsa ntchito. Akuti anamugenda."

"Musalankhule kwambiri. Bala lingatuluke magazi."

"Bedi langa lili pakhoma la kuseri, Elube. Tsiku lija ndinamva zonse. Ababa sakudziwa mawu ako, koma ine ndimawadziwa."

Manja a Elube anaima.

"Munali ndi malungo. Mumalota."

"Malungo anabwera pambuyo. Ndinkati ndiwauze ababa dzina lako panjira paja, koma ndinaopa kuti akupha. Ndinakumbukira Hilary." Anapuma pang'ono. "Miyendo yanga yapita, ndikudziwa. Sindikufunsa chifukwa chake. Koma Modester ankandidyetsa ndi dzanja lake."

Elube anayang'ana kukhomo. Mu wodimo odwala ena anali kumwa phala lawo. Anawerama n'kunong'ona.

"Amene amakutembenuzani ndine. Amene amatsuka bala ili ndine. Muganize bwino."

Sakina anatembenuza mutu movutikira mpaka anamuona m'maso.

"Ndaganiza kale. Ndatuma amayi aja usanabwere."

Pakhonde panamveka nsapato. Chitseko cha wodi chinatseguka, ndipo Che Sidik analowa, asisitere ali pambuyo pawo. Anafika pabedipo n'kuyang'ana bala lotsegula, kenako lumo limene linali m'dzanja la Elube.

"Ika lumolo m'beseni, mwanangu," anatero Che Sidik. Kenako anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi mutu wa wodwalayo. "Sakina, akuti wandiitana. Ndabwera."